Miyezi 9 ndi looper ku Ulongwe

Looper yangayi ndinagula kwa mnyamata wina ku Lilongwe mu Okutobala, ili yakale ndithu, n'kuwoloka nayo malire pa Calomue kubwerera kwathu ku Mozambique, ili m'thumba la jekete. Anzanga oimba magitala akhala akundifunsa ngati nawonso agule, ndiye ndati ndilembe pano kamodzi.

Kwa amene sanaione, ndi kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja, kokhala ndi chopondera chimodzi. Waya wa gitala umalowa mbali ina, wopita ku sipika n'kutuluka mbali inayo. Ukaponda kamayamba kujambula, ukapondanso kamangobwereza zomwe waimbazo, iwe n'kumasanjika zina pamwamba. Nzeruyi ndi yakale: oimba awiri, Robert Fripp ndi Brian Eno, ankachita zomwezi ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndi makina awiri a tepi a Revox, tepi imodzi ikuchoka pa ena kulowa pa enawo.

Miyezi yoyamba kanandizunguza mutu. Ndinkagogoda thupi la gitala kuti imveke ngati ng'oma, n'kuikapo besi, kenako n'kutsetsereketsa khosi la botolo pa nsambo monga ankachitira akuluakulu oimba hauyani. Nyimbo yake yosakonzekera, yongobadwa pomwepo. Ndinkasanjika mpaka kasanu ndi kawiri, osazindikira kuti zikungomveka ngati phala.

Chovuta n'chakuti kamakinaka sikakhululuka. Phazi likachedwa pang'ono pokha potseka, nyimbo imatsimphina, ndipo imatsimphina pamalo omwewo ulendo uliwonse ikazungulira. Ndinali nditaimba gitala zaka khumi osadziwa kuti ndimathamanga.

Malume anga a ku Dómuè, amene ankaimba bangwe ali mnyamata, anabwera pa Khirisimasi. Anakhala pa mpando n'kumvetsera mpaka tiyi wawo anazizira.

"Mphwanga, kakuimba bwino, koma kalibe makutu."

"Mukutanthauzanji, malume?"

Anati woimba ng'oma pa bwalo la gule amayang'ana miyendo ya wovina. Wovina akafulumira, ng'oma imamutsatira. Nanga aka kakuyang'ana ndani? Ine ndinangoseka.

Ndinadzazionera ndekha pa ukwati wina mu Meyi. Ndinajambula kayimbidwe kanga bwinobwino, amayi n'kuyamba kuwomba m'manja ndi nthungululu. Atatenthedwa anayamba kufulumira, monga amachitira nthawi zonse, koma looper ili phe pa liwiro lake lomwe lija. Posakhalitsa manja ali kwawo, sipika ili kwake. Mayi wina wa chitenje chobiriwira anasiya kuvina, n'kundiyang'ana atagwira m'chiuno. Ndinaponda kawiri kuti kakhale chete, n'kumaliza nyimboyo ndi gitala yokha, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira.

Za kulimba kwake ndilibe nazo mawu. Fumbi la mu Novembala linalowa pansi pa chopondera, ndinangopukuta ndi mswachi wakale. Batire ya 9V ndiyo imatha ngati mchere m'madzi, ndipo ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwe chino, midzi yambiri imene amandiitanako ilibe magetsi. Adaputala yotchipa ya pamsika musagule: yanga inkachititsa sipika kulira ngati njuchi, mpaka ndinakapeza ina ku Tete.

Ndiye mugule? Ngati mumaimba m'maukwati ndi m'mabala, ndalamazo mupatseni woimba ng'oma. Ngati mukufuna kudziwa pamene phazi lanu limanama, gulani.

Ine masiku ano ndimakayatsa usiku ana akagona. Ndimajambula nsambo imodzi yokha yapansi, n'kuisiya izing'ung'udza, kenako ndimayenda pamwamba pake ndi botolo lija, zala zitauma ndi chisanu cha Julayi. Malume ati akabweranso abwera ndi bangwe yawo, koma anenetsa kuti iwo saponda chilichonse.