Sukulu ya Cambridge ku Nairobi: aphunzitsi ndi abwino, koma kholo lisagone

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Dzina lake sinditchula chifukwa ana anga akadali pomwepo, koma ndi imodzi mwa sukulu za dongosolo la ku Britain zimene mabanja ogwira ntchito m'maofesi a ku Gigiri, dera lina la mu Nairobi, amakonda kutumizako ana. Ndikulembera makamaka inu amene mwapeza ntchito kunja ndipo muli ndi mwana wa sekondale, chifukwa pamsinkhu umenewu ndi pamene kusankha sukulu kumawawa.

Tinasamukira kuno mu 2023, mtsikana wathu atangomaliza Fomu 1 ku Lilongwe, mlongo wake wamng'ono ali ku pulayimale. Sukulu za boma la Kenya tinazisiya pambali msanga. Zimatsegula mu Januwale, pamene ife tinafika chaka cha kwathu chitangotha mu Julaye, komanso zili m'kati mosintha kuchoka ku dongosolo lakale la 8-4-4 kupita ku latsopano la CBC. Sukulu za Cambridge, zotsata silabasi ndi mayeso a bungwe la Cambridge la ku Britain, zimayamba kumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, choncho ana sanataye telemu ngakhale imodzi. Tinaganizirako za IB (International Baccalaureate), dongosolo lina la maphunziro la m'maiko ambiri, imene inayambira ku Geneva mu 1968. Dipuloma yake ndi yolemekezeka, koma mwana amanyamula maphunziro 6 mpaka kumapeto, kuwonjezapo chimangirizo cha mawu 4,000 ndi ntchito zina. Wathuyu mtima wake uli pa sayansi, ndipo A Level, gawo lomaliza la sekondale m'dongosolo la Cambridge, imalola kuti munthu aike mphamvu pa maphunziro atatu kapena anayi okha. Chinanso chimene chinatikoka n'chakuti sukulu za Cambridge ziliko ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Lusaka, ndiye kontrakiti itatha mwadzidzidzi mwana atha kupitiriza silabasi yomweyo kwina.

Tsopano pa zimene zandisangalatsa. Kaphunzitsidwe ka sayansi kandigwira mtima. Kumudzi mwana wanga ankadziwa dzina la chida chilichonse cha mu labu kuchokera pa chithunzi cha m'buku, koma anali asanachigwirepo. Kuno sabata iliyonse amalowa mu labu, amayeza yekha, amalakwitsa, amabwerezanso. Cambridge imalola sukulu kusankha pakati pa mayeso ochita ndi manja ndi pepala lolemba lolowa m'malo mwake, ndipo sukuluyi imalembetsa ana mayeso ochita ndi manja enieniwo. Mukamayendera sukulu funsani funso limenelo, chifukwa yankho lake likuuzani ngati labu imene akukuonetsaniyo imagwiradi ntchito kapena imangotsegulidwa alendo akabwera.

Makalasi ndi aang'ono ndipo mphunzitsi amadziwa mwana aliyense ndi dzina. Ntchito ikalembedwa imabwerera ili ndi ndemanga zomveka, osati chong'a chofiira chabe. Mtsikana wanga anafika ali wodziwa kuloweza, ndipo miyezi yoyamba inamuvuta chifukwa mafunso a kuno amafuna kuti ufotokoze chifukwa chake, uyerekeze, upereke maganizo ako. Mphunzitsi wake wa Chingerezi, mayi wa ku Kenya konkuno, ankakhala naye nthawi ya nkhomaliro osalipiritsa kanthu mpaka anagwira njira. Mayi ameneyu ndimamuthokoza ndi mtima wonse. Pa masamu a m'mutu ndi kulimbikira, mwana wa kumudzi sanachepe kwa wina aliyense, ndipo aphunzitsi eni ake anandiuza zimenezo.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha nkhani ya Core ndi Extended, ndipo pano ndikhalitsapo. IGCSE, gawo la Cambridge lotsogolera ku A Level, ndi ya zaka ziwiri, makalasi a Year 10 ndi Year 11. M'maphunziro monga masamu ndi sayansi muli magawo awiri. Wolemba Extended atha kupeza mpaka A*. Wolemba Core, ngakhale atakhoza funso lililonse, sangapitirire C. Mwana wanga analemba mayeso olowera pa kompyuta atangotsika ndege kumene, asanazolowere n'komwe kayankhidwe kotere, ndipo potengera zotsatira zake anamuika m'gulu la masamu a Core. Palibe anatiitana, palibe kalata imene inabwera. Tinazidziwa patapita telemu, titaona kuti buku lake likusiyana ndi la mnzake wa nyumba yoyandikana. Titapita kukafunsa, mkulu woona za masamu anatimvera, anamuyesanso mwanayo n'kumukweza, koma panali mitu yambiri yoti athamangitse ndipo tchuthi cha Disembala chinathera pa tebulo. Zikanakhala kuti sitinaone, khomo la A Level ya masamu likanatsekeka mwakachetechete, popeza sukulu yomweyi imafuna giredi yoposa C kuti ikulole kutenga phunzirolo. Chigamulo chachikulu chotere sichiyenera kuchitika kholo lisakudziwa, ndipo ndinawauza akuluakulu a sukulu mosapsatira.

Chimodzimodzi pa Chingerezi. Pali pepala la First Language ndi la Second Language, ndipo poyamba ankafuna kumulembetsa lachiwirili, ndikuganiza chifukwa pa fomu tinalemba kuti kunyumba timalankhula Chichewa. Mwana amene waphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale ayesedwe kaye asanamusankhire. Mayunivesite ena amasiyanitsa mapepala awiriwa polandira ophunzira. Pa sayansi napo pali kusankha pakati pa Co-ordinated Sciences, imene imaphatikiza zonse n'kupereka magiredi awiri, ndi kutenga Biology, Chemistry ndi Physics paokhapaokha. Ngati mwana akulota za udokotala, kaya ku KUHeS kaya kunja, m'lembetseni zitatuzo padera.

Aphunzitsi ochokera kunja ambiri amabwera pa kontrakiti ya zaka ziwiri, ndipo ena ikatha amapita. Wa Physics anachoka pakati pa Year 10 ndi Year 11, wobwerayo n'kuyamba ndi kaphunzitsidwe kake kosiyana. Amene agwira sukuluyi ndi aphunzitsi a ku Kenya amene akhalapo zaka zambiri. Makolo ena amawerenga nkhope za azungu pa tsamba la sukulu n'kumati ndiye umboni wa ubwino. Ine ndingafunse kuti mphunzitsi wa phunziro lakutilakuti wakhalapo nthawi yaitali bwanji.

Za ndalama ndinene mwachidule. Fizi imene imalembedwa pa pepala loyamba si yonse. Pali ndalama yofunsira malo, yolembetsera, ya chikole, ya chitukuko cha sukulu, kenako basi, chakudya, yunifolomu yogulidwa pa shopu imodzi yokha, laputopu ndi maulendo. Mu Year 11 mumabweranso bilu ya mayeso, phunziro lililonse ndi mtengo wake. Kuntchito amatithandiza pa fizi yeniyeniyo, koma basi, chakudya ndi maulendo zimatuluka m'thumba mwathu, ndiye musanasaine funsani abwana anu kuti thandizo lawo likulekeza pati. Werenganinso ndime yonena za kuchoka: amafuna chidziwitso cha telemu yathunthu, apo ayi mulipira telemu imene mwana sanaphunzire. Kwa ife amene timasamutsidwa ndi kalata imodzi, ndime imeneyi ndi yolemera. Ofesi ya zachuma imayankha imelo mochedwa, koma ya olembetsa ana inatithandiza bwino pa mapepala a Student's Pass a ku imigireshoni.

Mtunda musaupeputse. Pa mapu sukulu imaoneka pafupi, koma Limuru Road, Kiambu Road ndi Waiyaki Way m'mawa zimadzaza moti galimoto zimayenda ngati za pamaliro. Nairobi Expressway, imene inatsegulidwa mu 2022, imathandiza ochokera mbali ya bwalo la ndege, osati aliyense. Ife tinayamba tapeza sukulu, nyumba pambuyo, ndipo mwana wamng'onoyo amagona mokwanira. Nthawi ya madzi osefukira a mu Epulo ndi Meyi 2024, komanso ya zionetsero za mu Juni chaka chomwecho, sukulu inkatumiza uthenga kusanache ndipo maphunziro ankapitirira pa intaneti. Pamenepo anachita bwino, sindinakhalepo ndi nkhawa kuti ana ali kuti.

Chimene chimandipweteka pang'ono ndi chilankhulo. Wamng'onoyo amaphunzira Kiswahili ndi Chifalansa, ndipo Kiswahili wachigwira msanga chifukwa mawu ambiri ndi achibale ndi athu. Koma Chichewa chake chayamba kulemera, agogo ake akaimba foni amayankha mwachidule. Sukulu ili ndi tsiku la zikhalidwe kamodzi pa chaka, timavala zitenje n'kuphika nsima, basi zathera pomwepo. Sindiiimba mlandu pa zimenezi, si ntchito imene inalonjeza, ndiye kunyumba takhazikitsa kuti pa chakudya chamadzulo ndi Chichewa chokhachokha.

Wamkuluyo analemba mayeso a IGCSE mu Meyi ndi Juni 2025, zotsatira zinatuluka mu Ogasiti, ndipo masamu a Extended aja anakhoza mokwanira kuti apitirize nawo. Mlangizi wa za mayunivesite anakhala nafe pansi n'kutifotokozera njira ya UCAS yofunsira malo m'mayunivesite a ku Britain bwinobwino, komanso kuti ku South Africa IGCSE yokha siikwanira, pamafunika AS kapena A Level ndi chikalata cha exemption, chomuyenereza kulowa yunivesite, chochokera ku Universities South Africa. Za kumudzi sankazidziwa, tinafufuza tokha: mayunivesite a boma amalandira IGCSE ngati yofanana ndi MSCE pakakhala makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mafomu amadzera ku NCHE.

Ndingailimbikitse kwa banja limene mwana wake akulowa Year 9 kapena koyambirira kwa Year 10. Wofika pakati pa Year 10 kapena mu Year 11 adzavutika, ndipo sukulu mwina idzamubweza kalasi. Mukapatsidwa malo, pemphani mndandanda wa maphunziro onse a mwana wolembedwa pa pepala, wosonyeza nambala ya silabasi ndi gawo limene amuika, telemu yoyamba isanathe.