Ofesi yaboma yotolera ndalama za ana ku America: makolo akakhala m'zigawo zosiyana, imathandizadi?

Mayi ali ku Texas ndi mwana, bambo ali ku Georgia, ndipo chigamulo cha ndalama zosamalira mwanayo chinaperekedwa ndi khoti la ku New York. Anthu ambiri amaganiza kuti mlandu umatsata mwana komwe wapita. Sizili choncho, ndipo kusamvetsa zimenezi n'kumene kumataitsa makolo miyezi yambiri pa ofesi yolakwika.

Chigawo chilichonse cha United States chili ndi ofesi yoona za ndalamazi, motsatira gawo IV-D la lamulo la Social Security Act lomwe linayamba mu 1975. Ku Texas ntchitoyi ili pansi pa Attorney General, loya wamkulu wa boma la chigawocho, ku Florida ili ku Department of Revenue, nthambi yoona za misonkho. Maganizo athu ndi awa: pa kutolera ndalama ofesizi n'zamphamvu ndipo n'zotchipa kwambiri, koma pa kusintha chigamulo zimayenda pang'onopang'ono ngati nyalugwe wokalamba, ndipo sizikufotokozerani zambiri mukapanda kufunsa.

Mtengo sudetsa nkhawa. Kutsegula mlandu sikupitirira $25, ndipo zigawo zambiri sizilipiritsa n'komwe. Banja lomwe silinalandirepo thandizo la boma la TANF, lopita kwa mabanja osowa, limadulidwa $35 pachaka, ofesi ikatolera $550 m'chakacho. Mumatsegula mlandu ku ofesi ya chigawo chomwe mukukhala, ngakhale kholo linalo lili kutali, ndipo ofesiyo ndi imene imalemberana ndi inzake ya kumeneko.

Funso loti chigawo chiti chili ndi mphamvu limayankhidwa ndi UIFSA, lamulo loona milandu ya ndalamazi pakati pa zigawo, lomwe zigawo zonse zinakakamizidwa kulitenga pofika pa 1 January 1998. Mutu wake ndi woti mwana akhale ndi chigamulo chimodzi chokha. Ngati chigamulo sichinaperekedwe, chofunika ndi mphamvu za khoti pa kholo lolipira. Khoti la komwe kuli mwana lingathe kuweruza wolipirayo ali m'chigawo china pokhapokha pali chomumangirira kumeneko: anakhalako ndi mwanayo, anakhalako n'kulipira zofunika pa nthawi ya pakati, mimba inatengedwera kumeneko, anapatsidwa masamoni ali m'chigawocho, mwana ali kumeneko chifukwa cha zochita zake, kapena wavomera yekha. Kungoti mwana amakhalako sikokwanira. Mu 1978, pa mlandu wa Kulko, khoti lalikulu la dzikolo linakana kuti California iweruze bambo wa ku New York yemwe anangolola mwana wake kupita kwa mayi ake n'kumugulira tikiti ya ndege. Pakasowa chomangirira, mafomu amapita ku chigawo cha wolipirayo, ndipo ndalama zimawerengedwa ndi muyeso wa kumeneko. Miyeso imasiyana: ku Texas mwana mmodzi ndi 20 peresenti ya zotsala za wolipira akachotsa misonkho, ku New York ndi 17 peresenti ya zopeza za makolo onse awiri, yogawidwa pakati pawo.

Chigamulo chikaperekedwa, chigawo chomwe chinapereka ndi chokhacho chingachisinthe, malinga ngati mayi, bambo kapena mwana akukhalabe kumeneko, kupatula ngati makolo alemba kuvomereza kuti mlandu usamuke. Onse akachoka, monga m'chitsanzo chathu chija, wofuna kusintha ndi amene amalondola mnzake. Mayi wa ku Texas akafuna ndalama zikwere, chigamulo chikalembetsedwe ku Georgia. Bambo akafuna zitsike, apite nacho ku Texas. Ena amadandaula kuti n'kupondereza, koma ife timaliona lamuloli kukhala lolungama, chifukwa limaletsa munthu kusamukira komwe muyeso ukumukomera n'kukasumira komweko. Makolo onse akasamukira chigawo chimodzi, chimenecho chimatenga mlandu mosavuta.

Pali zinthu zomwe sizisamuka, ndipo ogwira ntchito m'maofesi ena amaiwala kuzitchula. Msinkhu wothera kulipira umakhalabe wa chigawo choyamba. Chigamulo cha ku New York chimafika zaka 21 ngakhale chisinthidwe ku Texas komwe malire ndi zaka 18 kapena kumaliza sekondale. Bambo amene wasiya kulipira mwana atakwana 18 potengera lamulo la komwe akukhala amadzapeza ngongole ya zaka zitatu ikumudikira.

Pa kutolera m'pamene ofesizi zimaonetsa mano. Sizifunika kudutsa ku khoti la chigawo china kuti zidule malipiro: kalata yodulira imapita kwa olemba ntchito mwachindunji, ndipo iwo ayenera kutumiza ndalama pasanathe masiku 7 ogwira ntchito kuchokera tsiku lolipira. Malire a zodula ndi 50 peresenti ya malipiro otsala ngati wolipirayo akusamalira banja lina, 60 ngati alibe, ndipo amaonjezera 5 ngongole ikapitirira masabata 12. Wothawa ntchito n'kukayamba kwina sabisala nthawi yaitali, chifukwa olemba ntchito amalembetsa wantchito watsopano pasanathe masiku 20 ndipo dzinalo limalowa m'kaundula wa dziko lonse. Ngongole ikafika $500 boma limalanda ndalama zobwezedwa za msonkho, ikapitirira $2,500 pasipoti imakanidwa. Loya wolemba nokha alibe njira yogwirira msonkho kapena pasipoti. Ndi ofesi yaboma yokha.

Kudula malipiro ndi kaundula wa antchito atsopano zimadalira malipiro olembedwa. Wodzilemba yekha ntchito kapena wolipidwa pamanja samagwidwa nazo, ndipo apa mlandu umafunika maofesi awiri. Ofesi yanu ili ndi masiku 20 otumizira mlandu ikaona kuti pakufunika chigawo china. Kaundula wolandira milandu kumeneko ali ndi masiku 10 ogwira ntchito oti ayang'ane mapepala n'kuyankha. Ofesi yolandirayo ili ndi masiku 75 ofufuzira munthuyo kapena kunena zomwe zikusowa. Onkhetsani nokha: miyezi itatu ingathe popanda aliyense kuphwanya lamulo, kungomva kuti pepala limodzi palibe. Chomwe chimabwezetsa mafomu kawirikawiri ndi kusowa kwa kope ya chigamulo yodindidwa ndi khoti, kapena chikalata cholumbirira ngongole chomwe masamu ake sakugwirizana ndi mbiri ya zolipira. Konzani ziwirizi musanapite, pamodzi ndi adiresi, nambala ya Social Security (yomwe boma limazindikirira munthu) ndi dzina la kampani ya kholo linalo ngati mukuzidziwa. Choipa china n'chakuti mumalankhula ndi ofesi ya kwanu, pomwe zochitika zili ku ofesi ina, choncho pemphani nambala ya mlandu ya mbali zonse ziwiri.

Kholo lolipira lisamale ndi masiku. Chigamulo chikalembetsedwa m'chigawo chanu muli ndi masiku 20 otsutsira. Mukakhala chete, ngongole yolembedwayo imatsimikizika ngakhale ikhale yolakwika. Ndipo kuyambira 1986 lamulo la Bradley Amendment limaletsa khoti kuchepetsa ndalama za miyezi yomwe inadutsa pempho lisanaperekedwe. Ntchito ikatha, pempho lipite sabata yomweyo, ku chigawo choyenera. Kulipereka kolakwika n'chimodzimodzi osapereka. Ndalama zopatsirana pamanja nazonso sizioneka m'mabuku a ofesi.

Ulendo sufunika kawirikawiri, popeza UIFSA imalola kuchitira umboni pa foni kapena pa vidiyo. Wothawa nkhanza angalumbire kuti adiresi yake isaululidwe, koma anene zimenezi mafomu asanatumizidwe. Dziwaninso kuti loya wa ofesiyi amaimira boma, osati inu, ndipo za yemwe akhale ndi mwana kapena masiku omuonera sazikhudza. Zimenezo zili pansi pa lamulo lina lomwe limayang'ana komwe mwana wakhala miyezi 6 yapitayo.

Ngati wolipira ali pa ntchito yolembedwa, ofesi yaboma ikukwanirani. Ngati ali ndi bizinesi yake, amabisa zopeza, kapena pali zigamulo ziwiri zosemphana, siyani mlandu wotsegula ku ofesi kuti izitolera, koma lembani loya wa m'chigawo chomwe mlandu ukamvedwe.