Ndodo ya miyendo inayi kwa wodwala sitiroko: ndemanga

Ndodo iyi ndi ya aluminiyamu, yomwe imapezeka m'mafamase a m'tauni muno mu Harare. Tikuigwiritsa ntchito kuno ku Mufakose ndi agogo amene sitiroko inawafooketsa mbali yakumanja. Pa miyezi yoyamba yophunzira kuyendanso m'nyumba ndi yodalirika, bola ikonzedwe bwino, ndipo pamenepa m'pomwe ambiri amaphonya.

Igwiridwe ndi dzanja lamphamvu, osati la mbali yofooka. Poyeza kutalika, wodwala aimirire atavala nsapato, mkono uli lende. Chogwirira chifike pomwe pamakhala wotchi. Akagwira, chigongono chipindike pang'ono, madigiri 20 mpaka 30. Mabowo ake atalikirana pafupifupi masentimita 2.5, choncho muyezo supezeka movuta. Kabatani katulukire bwino pabowo, kenako mangani nati, apo ayi ndodo imachita gwedegwede. Yang'ananinso kunsi: miyendo iwiri yaifupi ikhale mbali ya thupi, yotambalala iloze kunja. Mukaitembenuza, phazi limakodwa momwemo.

Poyenda imayamba ndodo, kenako mwendo wofooka, wamphamvu pambuyo. Pokwera sitepe umatsogola wamphamvu, potsika ndodo ndi wofooka. Podzuka pampando asakoke ndodo, imagwa naye; akankhe mpando ndi dzanja, aime kaye, ndiye agwire.

Vuto lake lalikulu ndi lakuti imafuna miyendo yonse inayi ikhale pansi nthawi imodzi. Pabwalo la dothi, pamiyala kapena mumsewu wa maenje imapendama, ndipo munthu amene anaidalira ndi thupi lonse amapita nayo. Pasimenti yopakidwa polishi wofiira, monga timachitira m'nyumba zathu zambiri, imatereka mphira za kunsi kwa miyendo yake zikatha. Muziziyang'ana kunsi sabata iliyonse. Mizere yapansi ikafafanizika, sinthani zonse zinayi pamodzi kuti ndodo isakhale yotsimphina. Mphira zomwe imabwera nazo n'zopyapyala, ndiye gulani zapadera tsiku lomwelo, za saizi yomweyo. Pokwera kombi musaiwerengere, pamafunika munthu wogwira.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi: ndodoyi imapatsa wodwala mtendere wambiri moti amatsamira mbali yamphamvu, mwendo wofooka n'kusiya kunyamula thupi. Mwendo umabwerera mwa kugwira ntchito mobwerezabwereza. Choncho mafizo asalekeke: kudzuka ndi kukhala pampando wolimba, kusuntha kulemera kwa thupi uku ndi uku atagwira tebulo, kuponda sitepe yaifupi ndi mwendo wofookawo.

Ngati zala zakuphazi zikukwekwereza pansi, ndodo siingathandize pamenepo. Funsani a mafizo, kaya ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha St Giles, za kachipangizo ka pulasitiki kotchedwa AFO kamene kamalowa mu nsapato n'kugwira phazi kuti lisagwe. Iwo omwewo ndiwo anganene nthawi yosiya ya miyendo inayi n'kutenga ndodo wamba.