Chiphaso cha American Camp Association n'chothandiza, koma sichigwira ntchito ya bodi

Ku America kuli sukulu zambiri zoima pazokha zomwe ana akatsekera mu June zimasanduka kampu ya ana ya patchuthi mpaka mu August. Mabwalo ndi omwewo, khitchini ndi yomweyo, koma ana ndi ena, antchito ndi ena, ngozi nazonso ndi zina. Munthu akangosankhidwa kulowa m'bodi ya malo otere, msangamsanga amauzidwa kuti kampu yathu ili ndi chiphaso cha American Camp Association, mwachidule ACA, ndipo amanena ngati kuti nkhani ya chitetezo cha ana yathera pomwepo. Chiphasochi n'chabwino, ndalama zake sizilowa m'madzi. Koma membala watsopano adziwe pomwe chimayambira ndi pomwe chimalekezera.

ACA si bungwe la boma. Linayamba mu 1910 ndipo likulu lake lili ku Martinsville, m'chigawo cha Indiana. Kampu imapempha yokha chiphasochi, ndipo chimasiyana ndi laisensi yomwe boma la chigawo limapereka. Malipiro ake ndi a chaka ndi chaka, molingana ndi kukula kwa bajeti ya kampuyo. Mkulu wa kampu amasonkhanitsa malamulo onse olembedwa: a zaumoyo, a kusambira, a mayendedwe, a kalembedwe ka antchito. Kenako pamabwera oyendera ophunzitsidwa, ongodzipereka, ambiri mwa iwo anthu oyendetsa makampu ena. Amabwera kampu ili mkati, ana alipo, n'kuyang'ana m'nyumba zogona, kudziwe losambira, kuchipinda cha mankhwala ndi m'mafayilo. Pali malamulo ena oti kampu ikaphonya limodzi lokha, chiphaso palibe. Enawo iyenera kukhoza osachepera 80 pa 100 m'gawo lililonse. Oyenderawa amabwera kamodzi pa zaka zosapitirira zisanu, ndipo pakati pake kampu imatumiza lipoti chaka chilichonse.

Ubwino waukulu wa ACA ndi woti imapereka manambala ogwirika, oti membala wa bodi amene sanagonepo pa kampu angathe kufunsa nawo mafunso. Pa kampu yogonera, mlangizi mmodzi aziyang'anira ana asanu ngati ali a zaka 5 kutsika m'munsi, asanu ndi mmodzi a zaka 6 mpaka 8, asanu ndi atatu a zaka 9 mpaka 14, ndi khumi a zaka 15 mpaka 18. Pa kampu yoyendera, yoti ana amabwerera kwawo madzulo, manambalawo ndi 6, 8, 10 ndi 12. Antchito 80 pa 100 aliwonse oyang'anira ana akhale a zaka 18 kapena kuposera, ndipo wamng'ono asachepere zaka 16 komanso aziposa ana akewo ndi zaka ziwiri.

Vuto limabwera pa kawerengedwe. Papepala kampu ya ana 160 ndi alangizi 20 yakwanitsa. Koma tengani nyumba imodzi ya ana 16 a zaka 10, alangizi awiri. Lachitatu mmodzi ali pa tsiku lake lopuma, winayo wanyamuka kuperekeza mwana wosanza kwa namwino. Ana 15 atsala okha, ndipo mlangizi watsala yekha ndi mwana mmodzi m'njira, zomwe malamulo oteteza ana amaletsa. Choncho musafunse kuti antchito alipo angati. Pemphani ndandanda ya sabata imodzi, ola ndi ola, muone amene amatseka mipata nthawi yopuma masana, nthawi yosamba ndi usiku.

Pa kalembedwe ka antchito ACA imachita bwino. Imafuna kuti mbiri ya milandu ya wantchito ifufuzidwe, ndi kuti dzina lake liyang'anidwe chaka chilichonse m'kaundula wa dziko lonse wa anthu opalamula milandu yogwirira. Koma makampu ambiri amadalira achinyamata ochokera kunja, monga ku Britain, Australia ndi South Africa, obwera pa viza ya J-1 kwa miyezi yosapitirira inayi. Kaundula wa ku America sangaonetse kalikonse za munthu amene wangotsika ndege dzulo. Bodi ifunse kuti kalata ya polisi yakwawo anaiona ndani, ndipo ndani anaimbira foni anthu omuchitira umboni.

Kufooka kwa ntchito ya ACA kuli poyera: oyendera amabwera tsiku lodziwika kale, amakhala maola ochepa, ndipo zambiri zomwe amaona ndi zolembedwa. Atha kutsimikiza kuti ndondomeko ya zadzidzidzi ilipo m'fayilo. Sangatsimikize kuti mlangizi wa zaka 19 adziwa kolowera ndi ana ake 3 koloko ya usiku, magetsi atazima, netiweki palibe. Pa 4 July 2025 mtsinje wa Guadalupe ku Texas unasefukira kusanache, ndipo pa kampu imodzi ya atsikana anamwalira ana ndi alangizi 27. Kuchokera pamenepo membala aliyense wa bodi ayenera kuona ndi maso ake mapu a FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, osonyeza malo osefukira madzi, aike pamwamba pake malo a nyumba zogona, ndipo afunse tsiku lomaliza lomwe anayeserera kusamutsa ana usiku, ndi mphindi zomwe zinatenga.

Palinso mbali yomwe chiphasochi sichifikako kwenikweni, ndipo ndi yomwe imagwetsa mabodi a sukulu zokhala ndi kampu. ACA siwerengetsa ndalama. Makolo amalipiriratu malo a kampu miyezi ingapo isanatsegulidwe, ndalamazo n'kulowa mu akaunti imodzi ndi za sukulu, n'kulipirira aphunzitsi a mu March. Mu 2020 makampu ambiri atalephera kutsegula chifukwa cha Covid-19, makolo anafuna ndalama zawo, ndipo mabungwe omwe anali atadyeratu mbewu anaona zakuda. Membala watsopano apemphe malipoti osiyanitsa ndalama za sukulu ndi za kampu, awerengenso Form 990, fomu ya za ndalama yomwe bungwe losapanga phindu limapereka ku boma chaka chilichonse, ya zaka zitatu zapitazi. Fomuyi aliyense atha kuiona, ndipo bungwe likalephera kuipereka zaka zitatu zotsatizana, limataya lokha mwayi wosalipira msonkho.

Inshulansi nayo muiwerenge nokha. Ya sukulu ikhoza kusakhudza mahatchi, mabwato kapena kugoneka ana usiku, ndipo milandu ya nkhanza kwa ana kawirikawiri imafuna gawo lakelake. Funsaninso ngati pali inshulansi yoteteza mamembala a bodi pa zomwe aganiza pamsonkhano. Za magalimoto, lamulo la dziko limaletsa ogulitsa kugulitsa sukulu maminibasi atsopano a anthu 15 oti azinyamula ophunzira ngati safika pa muyezo wa basi ya sukulu, choncho galimoto yogulidwa m'dzina la kampu isamangobwerekedwa kupita ndi timu ya mpira mu October. Malipiro a alangizi nawo ndi nkhani yoti loya aione: lamulo limapeputsira makampu ogwira ntchito miyezi yosapitirira isanu ndi iwiri pa chaka, koma kampu yomwe ili mbali ya sukulu yotsegula chaka chonse siingangoganiza kuti ili m'gululo.

Ngati kampu yanu ilibe chiphasochi, tikulangiza bodi kuti iike ndalama zake mu bajeti ndi kupatsa mkulu wa kampu chaka chathunthu chokonzekera, chifukwa kulemba malamulo komweko kumavumbulutsa mipata yomwe palibe anaiona. Ngati chilipo kale, pemphani zotsatira za ulendo womaliza wa oyendera, makamaka malamulo omwe kampu inaphonya koma n'kukhozabe, pamodzi ndi buku lolembamo ngozi za zaka ziwiri zapitazi. Mukatero pitani mukagone usiku umodzi pa kampupo mu sabata yachinayi kapena yachisanu, alangizi atatopa, ndipo mudzuke muyende m'nyumba zogona ndi mkulu wa kampu cha m'ma 11 koloko usiku, muwerenge akuluakulu omwe alipo.