Sikirini ya laputopu yakufa: bolodi ya monita kapena bolodi ya TV?

Laputopu ikafa, nthawi zambiri chimene chimakhala chawonongeka ndi bolodi yaikulu ya m'kati, pomwe sikirini imakhala idakali bwinobwino, moti mungathe kuigwiritsanso ntchito ngati monita kapena TV. Sikiriniyo payokha singalandire chithunzi kuchokera ku HDMI kapena ku eriyo, choncho imafunika kabolodi koyiyendetsa, ndipo mabolodi amene anthu amasankhapo ndi amitundu iwiri: ya monita ndi ya TV.

Musanagule iliyonse, tembenuzani sikirini ndi kuwerenga nambala imene ili pa kapepala komatidwa kumbuyo kwake, monga LP156WH2 ya LG kapena B156XW02 ya AU Optronics. Nambalayo ndi imene imasonyeza ngati sikirini imalumikizidwa ku bolodi kudzera pa njira yotumizira chithunzi yotchedwa LVDS, monga zilili m'malaputopu akale, kapena pa eDP ya malaputopu atsopano, komanso ngati kuwala kwake kumachokera ku nyali ya kachubu yotchedwa CCFL kapena ku timagetsi ta LED. Kuwerenga mapini a polumikizira chingwe kokha kumapusitsa, pakuti mapini 30 kapena 40 amapezeka pa LVDS ndi pa eDP pomwe.

Bolodi ya monita, monga M.NT68676, ilibe zambiri: ili ndi polowetsa HDMI, DVI ndi VGA, komanso potulutsa mawu. Ubwino wake ndi wakuti mukapereka nambala ya sikirini, wogulitsa amaikiratu pulogalamu yoyenera ndi kutumizira limodzi chingwe chogwirizana nayo, kuphatikizapo inivata, kachipangizo kokweza mphamvu ya magetsi oyatsira nyali, ngati nyaliyo ndi ya CCFL. Kwa inu kumangotsala kulumikiza ndi kupereka magetsi a 12V. Masikirini a eDP nawonso ali ndi mabolodi awo a mtundu umenewu, ambiri okhala ndi chipu ya RTD2556.

Bolodi ya TV, monga V56 kapena V59, imakopa maso chifukwa imabwera ndi rimoti, polowetsa eriyo, AV, HDMI, VGA, ndiponso USB yoonerapo mafilimu a pa fulashi popanda kompyuta. Komabe ntchito imene wogulitsa bolodi ya monija uja amakuchitirani, apa mumaigwira nokha. Pabolodipo pali kapini kosankhira mphamvu ya magetsi opita ku sikirini, 3.3V, 5V kapena 12V, ndipo popeza masikirini ambiri a laputopu amafuna 3.3V, kukaika pa 12V ndi kuotcha sikirini nthawi yomweyo, osabwereranso. Pulogalamu nayo muyenera kuipeza nokha, yogwirizana ndi kukula kwa chithunzi, kaya 1366x768 kapena kwina, n'kuilowetsa kudzera pa fulashi. Mukalakwitsa, chithunzi chimabwera chodukaduka kapena cha mitundu yosokonekera. Chimene chimakhumudwitsa ambiri pambuyo pake ndi chakuti V56 ndi V59 zimagwira masiteshoni a analogi okha, pomwe maiko ambiri anasamukira ku dijito. Wofuna kugwira masiteshoni a dijito a DVB-T2 ayenera kufunafuna bolodi ngati ya 3663. Ndipo mabolodi a TV onsewa amatulutsa LVDS, kutanthauza kuti sikirini ya eDP singagwire popanda kachipangizo kena kapakati.

M'kuona kwanga, bolodi ya monita yolumikizidwa ku dikoda kudzera pa HDMI ndiyo njira yosavutitsa mutu, chifukwa dikodayo imabwera ndi rimoti yake ndipo mungathe kuisintha osakhudza sikirini. Bolodi ya TV imayenera munthu amene ali ndi sikirini yakale ya LVDS, wofuna kuti zonse zikhale m'bokosi limodzi, ndipo saopa kuwerenga pepala la tsatanetsatane wa sikirini yake asanayatse.

Pali zimene bolodi iliyonse singathe kukonza. Masikirini ambiri otere ndi a mtundu wotchedwa TN, amene mitundu ya chithunzi chake imazilala mukawayang'ana cham'mbali kapena cham'munsi, kotero kuti sikirini ya mainchesi 15.6 imakwanira munthu mmodzi kapena awiri okhala pafupi, osati banja lonse pabalaza. Galasi lake ndi lopyapyala, choncho ndi bwino kulisiya m'chivundikiro cha laputopu momwe linali ndi kumangirira bolodi kumbuyo kwake. Ngati pali inivata, iphimbeni bwino, chifukwa imatulutsa magetsi a mavoti mazanamazana.