Makapu achilema a ku fakitale ya Emma Bridgewater

Aliyense amene anaonapo agogo akuumba mbiya amadziwa kuti dothi likadali laliwisi limatheka kuliphwanya n'kuliumbanso, koma likangopsa pamoto basi, silibwereranso mwakale. Ndinakumbukira zimenezi nditalowa m'sitolo ya pafakitale ya Emma Bridgewater, pamsewu wa Lichfield Street ku Hanley, mumzinda wa Stoke-on-Trent ku England, komwe ndinapita kukagula makapu a tiyi.

Kampaniyi, yomwe inayamba mu 1985, imakongoletsa makapu ndi mbale zake zambiri pamanja, podinda utoto ndi tizidutswa ta siponji, ndipo ntchito ya manja siilephera kuphonya. Kapu ina imatuluka mu uvuni kadontho kamodzi katapendekeka, ina utoto utayenderera pang'ono, inanso ili ndi kabanga kakuda pansi pa kunyezimira kwake. Pofika apo dongo, utoto, moto ndi thukuta la wodinda zalowa kale m'kapuyo, choncho kuiphwanya n'kutaya ndalama zonsezo, pomwe kuisakaniza ndi makapu abwino n'kuipitsa dzina la kampani. Iwo amaipatula, n'kuigulitsa motsitsa mtengo pansi pa dzina loti seconds, katundu amene kwathu timangoti marijekiti.

Chimene chinandikhutiritsa n'chakuti wogula sanamizidwa, chifukwa amadziwiratu kuti akutenga kapu yachilema ndipo ali ndi ufulu woitembenuza m'manja mpaka mtima utakhazikika. Pa makapu anayi a madontho amitundumitundu amene ndinasankha, awiri ndinachita kuwayang'anitsitsa pawindo kuti ndipeze pamene panalakwika, ndipo mpaka lero mlendo aliyense amene wamwera tiyi m'menemo sanaonepo kanthu. Zilema zake n'zapamaso chabe, sizikhudza ntchito ya kapuyo.

Komabe musapite mothamanga. Zilema sizifanana, choncho yendetsani chala m'mlomo mwa kapu iliyonse, muone ngati chogwirira chili chowongoka, ndiponso muiike pamalo osalala kuti mudziwe ngati ikukhala bwino osagwedera. Amene akufuna mbale zisanu ndi imodzi zofanana ndendende, mwina zoti akapereke mphatso paukwati, angachite bwino kuwonjezera ndalama n'kugula zopanda chilema. Mtengo wotsitsidwawo nawonso ukadali pamwamba poyerekeza ndi makapu wamba a m'masitolo akuluakulu, koma pa makapu omwera tiyi tsiku ndi tsiku kunyumba, ine ndidzabwereranso ku mashelefu a marijekiti omwewo.