UPS ya 650VA pakatha miyezi 20: yanditetezera ntchito, koma si ya bulakauti ya tsiku lonse

Ndimakhala ku Matawale ndipo ntchito yanga ndi yotayipa. Ophunzira a ku Chanco amabwera ndi zolemba za kafukufuku wawo kuti ndiwatayipire ndi kuzisanja bwino, amayi a banki m'khonde amabweretsa makope awo kuti ndiwaikire mawerengero mu kompyuta, ena amangofuna kalata yofunsira ntchito. Zonsezi ndimachitira pa kompyuta ya patebulo, ija ya bokosi pansi ndi sikirini pamwamba. Ilibe batire ngati laputopu. Magetsi akangophethira, iyo yazima, ndipo chomwe sunaseve chapita.

Chomwe chinandikweza minibasi ya ku Limbe chinachitika masana ena m'dzinja. Mitambo inatsika kuchokera kuphiri, mabingu anayamba, magetsi n'kuzima n'kuyakanso katatu motsatizana. Kachitatuko kanapeza kompyuta ili mkati moseva. Fayilo ya mtsikana wina wa chaka chomaliza inakana kutseguka, chaputala chonse chachinayi ndi matebulo ake. Mwini wake anali atakhala pa mpando pafupi nane, mawa lake akuyenera kukapereka. Sanandikalipire. Anangoti, "Anti, ndiye titani?" maso ali jegejege ndi misozi. Tinatayipanso kuchokera pa mapepala ake mpaka cha m'ma 11 koloko usiku. Mawu akewo anandikhala mumtima sabata yonse.

Ku Limbeko ndinkakafuna UPS, kabokosi ka batire komwe kamapatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima, ndipo mu shopu ndinapeza zamitundumitundu. Ndinasankha ya 650VA, yakuda, yolemera ngati njerwa ziwiri, chifukwa ndi yomwe thumba langa linafikira. Mnyamata wogulitsa anati, "Mayi, mukatenga iyi za bulakauti mwaiwala." Ine ndinamva ngati akutanthauza kuti ndizigwira ntchito tsiku lonse magetsi kulibe. Sizili choncho, ndipo n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba ndemangayi, poti ndikudziwa kuti alipo ena omwe akusunga ndalama ndi chiyembekezo chomwecho.

Ndiyambe ndi zomwe imachita bwino, chifukwa ndi zenizeni. Magetsi akazima mumamva kaphokoso kakang'ono kakuti "thi" mkati mwake, kenako kulira kwa belu, koma sikirini siphethira ngakhale pang'ono. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinali ndikutayipa mawerengero a gulu lina la ku Chinamwali. Babu la pabalaza linazima, wailesi ya aneba inakhala chete, koma manambala anga anali pomwepo. Ndinaseva, ndinakopera pa fulashi, ndinatseka kompyuta mwadongosolo. Kuyambira tsiku limenelo mpaka lero sindinatayeponso fayilo ya munthu chifukwa cha magetsi. Kwa ine zimenezi zokha zinabweza ndalama yanga.

Chachiwiri, chomwe sindinkachidziwa pogula, ndi chakuti imawongola magetsi ofooka. Magetsi athu amayenera kukhala 230V, koma madzulo aliyense akayatsa mbaula ndi ketulo, mababu kwathu kuno amachita ngati atopa. Nthawi ngati imeneyo UPS imalira "thi, thi" osapita pa batire. Pa bokosi analemba kuti AVR, ndipo ntchito yake ndi kukweza mphamvu ikatsika ndi kuitsitsa ikakwera mopitirira, kompyuta n'kumalandira zoyenera. Kale sikirini inkachita mizeremizere madzulo. Inasiya.

Tsopano za nthawi, zomwe aliyense amandifunsa. Ili yatsopano, nditalumikiza kompyuta, sikirini ndi rauta ya intaneti, inkanditengera mphindi 12 mpaka 14. Ndinadabwa kwambiri, ndinaganiza kuti andigulitsa yowonongeka. Achimwene ena okonza zamagetsi pafupi ndi msika waukulu ndi omwe anandimasulira, ndipo anachita kulemba pa chikuto cha kope kuti ndimvetse. Anati 650VA ija sinena za kutalika kwa nthawi, imanena za kukula kwa katundu yemwe ingasenze, ndipo m'mawati ndi pafupifupi 360W, osati 650. Nthawi imachokera ku batire. Mkati muli batire limodzi la 12V 7Ah. Mukachulukitsa 12 ndi 7 mupeza 84, kutanthauza kuti pa pepala lingapereke mawati 84 kwa ola limodzi. Kompyuta yanga ndi zinzake zimadya mawati oposa 100, batire la mtovu likamakokedwa mwamphamvu silitulutsa zonse zomwe linalembedwa, ndipo mphamvu ina imatayika posandutsa magetsi a batire kukhala a pakhoma. Zikatero mphindi 13 ndi zoona zake. "Mayi, chinthuchi ntchito yake ndi kukupatsani mpata woseva ndi kuzimitsa, basi," anatero. Akanandiuza choncho mu shopu muja ndikanagulabe, koma mtima uli m'malo.

Tonse tikukumbuka mmene zinalili namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiye kukavuta kumeneko kuzima kwake kumakhala kwa maola. Pa kuzima kotero kabokosi aka sikangakuthandizeni kupitiriza ntchito. Pamenepo pafunika inverter ndi batire lalikulu, kapena sola, ndipo ndalama yake ndi ina.

Pomwe ndinalakwitsa kwambiri ndi pa rauta. Mwana wanga wamkulu amachita maphunziro ena pa intaneti, ndiye magetsi akazima ndinkatseka kompyuta n'kusiya rauta yokha pa UPS kuti iye apitirize pa foni. Ndinkawerengera kuti karauta kakudya mawati osafika 10, ndiye kakhala tsiku lonse. Kankakhala maola awiri okha, belu likulira nthawi yonseyo. Chifukwa chake n'chakuti UPS nayo imadya yake ikakhala pa batire: imatenga 12V n'kuikweza kufika 230V, kenako adaputa ya rauta n'kuitsitsanso kubwerera pa 12V. Ulendo wonsewo ndi mphamvu yongotayika. Choipa kwambiri n'chakuti ndinkalisiya batire mpaka litheretu, kawiri kapena katatu pa sabata. Batire la mtovu silifuna zimenezo. Limafuna kugwira pang'ono n'kudzazidwanso msanga, ndipo kudzaza kwake kumatenga maola 6 mpaka 8. Masiku omwe magetsi abwera pang'ono n'kuchokanso, linkalowa ntchito lisanakhute.

Patatha chaka ndi miyezi itatu mphindi zija zinatsika kufika zinayi. Tsiku lina inangozima limodzi ndi magetsi, mwamwayi ndinali nditaseva kale. Ndinainyamula pa kabaza kupita nayo kwa achimwene aja. Anamasula zomangira zinayi kunsi, n'kutulutsa batire. Anandipatsa kuti ndiligwire. M'mbali mwake linali litatupa, ukayendetsa chala umamva kuti pulasitiki yakwera ngati mimba. Pepala la mu bokosi limati mabatire otere amakhala zaka zitatu mpaka zisanu, koma amawerengera malo ozizira bwino, pa madigiri 25 kapena kucheperako. Yanga ndinaipanikiza pansi pa tebulo, pakona, kumbuyo kuli khoma lomwe dzuwa la Okutobala limawomba masana onse. Zomba ndi kozizira tikayerekeza ndi ku Liwonde, koma m'nyumba ya malata nthawi ya chilimwe simusiyana ndi mu uvuni. Kutentha ndi kulikhetsa mpaka pansi, ziwirizi ndi zomwe zinalipha msanga.

Apa ndipomwe ndinaikondanso. Batire la 12V 7Ah silisowa, ndi lomweli amaika mu ma alamu ndi m'mageti a magetsi, ndipo kusintha kwake ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda. Sindinagule UPS ina. Inabwerera pa mphindi 13 zake. Batire lakale musalitaye kudzala komwe ana amasewera, muli mtovu ndi asidi. Langa ndinawasiyira achimwenewo, amapereka kwa ogula zitsulo zakale.

Za rauta ndinazithetsa padera. Ndinagula kabokosi kena kakang'ono, kukula ngati sopo wochapira, komwe amati mini UPS. Kali ndi mabatire a lithium ndipo kamatulutsa 5V, 9V ndi 12V mwachindunji, osadutsa ku 230V. Kanalembedwa 10400mAh, ndipo rauta yanga imakhala maola anayi, nthawi zina kupitirirako pang'ono, popanda phokoso lililonse. Musanagule koteroko tembenuzani adaputa ya rauta yanu muwerenge mavoti ndi ma ampu omwe alembedwa, muonenso ngati kamutu ka waya kakulowa bwino, chifukwa timitu timeneti timasiyana. Dziwaninso kuti rauta kuyaka si umboni woti intaneti ilipo. Magetsi akachedwa kubwera dera lonse, netiweki nayo nthawi zina imafooka, ndipo limenelo si vuto la kabokosiko.

Madandaulo anga pa UPS yaikulu ija ndi awiri. Belu lake lilibe batani lolitontholetsa. Magetsi akazima 2 koloko usiku, nyumba yonse imadzuka, ndiye masiku ano ndimaizimitsa pa batani ndikamagona koma osaizula kukhoma, kuti batire lizidzazabe. Linalo ndi mabowo a kumbuyo. Si a mapulagi athu a mano atatu, ndi aja a mtundu wa chingwe cha kompyuta. Ndinafika kunyumba n'kupeza kuti adaputa ya rauta ilibe polowa, ndinachita kukafunanso chingwe china mtauni. Itembenuzeni mu shopu momwemo muone kumbuyo musanalipire, ndipo muwauze aiyatse, alumikize chinthu, aizule kukhoma inu mukuona. Risiti isungeni, mufunsenso ngati waranti ikukhudza batire, chifukwa ena amaliika padera.

Chenjezo limodzi lomwe ndikupempha mulimvere: printa ya laser musaiike pa UPS. Ikamatenthetsa mkati kuti isindikize imakoka mphamvu yambiri nthawi imodzi, kuposa yomwe ka 650VA kangapirire. Ine ndinayesa kamodzi, inalira mosalekeza n'kuzimitsa zonse. Ayironi, ketulo ndi firiji ndiye musayerekeze n'komwe. Komanso mphenzi zikachuluka, monga zimachitira kuno mvula ikamachokera kuphiri, ndimazulabe zonse kukhoma. UPS imateteza ku kukwera kwa mphamvu kwa apo ndi apo, koma mphenzi yeniyeni ikagwa pa waya palibe chomwe ingachite.

Ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha belu ndi mabowo. Amene muli ndi kompyuta ya patebulo ndipo mumasunga ntchito za anthu, iguleni. Amene muli ndi laputopu ndipo vuto lanu ndi intaneti yokha, ndalama yanu ipite ku kabokosi kakang'ono kaja, laputopu ili kale ndi batire lake. UPS yanga pano ndinaichotsa pakona paja, ili pa kashelufu pomwe mphepo imadutsa, ndipo magetsi akazima ndimaseva n'kutseka pasanathe mphindi zitatu. Batire lachiwirili latha miyezi isanu, ndipo nditaliyesa sabata yatha linafikabe mphindi 13.